Kodi mwana wa kholo lodwala matenda a maganizo amakhala wopanda nzeru? Tiyeni tiimvetse bwino nkhaniyi

Lamulungu lapitalo titaweruka ku tchalitchi kwathu ku Chilomoni kuno, amayi ena achikulire omwe ndimawalemekeza kwambiri anandikokera pambali. Amayiwa akulera mdzukulu, mtsikana wa zaka 9, mwana wa mwana wawo wamkazi yemwe wagonekedwapo kawiri ku chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba chija. Mtsikanayu wabwereza Sitandade 3. Ndiye mnyamata wina wa pa lendi pomwe amakhalapo anawawerengera nkhani pa foni yoti azungu apeza kuti ana a anthu odwala misala nzeru zawo zimakhala zochepa, aneba n'kuthirira ndemanga kuti eya, make mbuu mwana mbuu. Funso lawo linali lalifupi koma linandilasa mtima: "Mwanangu, iwe umawerenga zinthuzi, tandiuza zoona, ndizivutikabe ndi makope ndi yunifolomu kapena ndingomusiya azindithandiza kugulitsa tomato?"

Ndinawayankha pompo kuti amayi, chonde mwanayo asasiye sukulu. Koma yankho la pamsewu silikwana, chifukwa kafukufuku yemwe mnyamata uja amawerengayo alipodi, si bodza ayi, kungoti zomwe amanena si zomwe anthu akumva. Ndiye ndati ndiilongosole pang'onopang'ono kuti aliyense amene akulera mwana wotere, kapena amene akudwala yekha ndipo ali ndi ana, amve chomwe chikudziwika.

Tikunena matenda ake ati?

Ife kuno mawu athu ndi amodzi, misala. Munthu akavula zovala pa Ginnery Corner ndi misala, wosuta chamba n'kuyamba kubwebweta ndi misala, mpaka wakugwa khunyu ena amamuponya momwemo pomwe khunyu ndi matenda ena osiyaniratu. Zili ngati kunena kuti aliyense wotentha thupi ali ndi malungo, pomwe wina ndi chibayo wina ndi TB. Akatswiri akamati matenda aakulu a maganizo amanena atatu makamaka.

Oyamba ndi schizophrenia. Munthu amamva mawu omwe ena sakuwamva, amakhulupirira ndi mtima wonse zinthu zoti palibe monga kuti wailesi ikukamba za iyeyo kapena aneba amutchera, zolankhula zake sizilumikizana, ndipo pena amangoti zii, osasamba, osafuna kuona anthu. Achiwiri ndi bipolar, omwe amabwera mwa nyengo: nyengo yokwera munthu sagona, amalankhula osapumira, amamwaza ndalama, amadziona ngati bwana wa dziko lonse, kenako imabwera nyengo yotsika yoti ngakhale kudzuka pa mphasa kumamukanika. Achitatu ndi matenda okhumudwa aakulu aja amati depression, osati kudandaula kwa tsiku limodzi chifukwa ya lendi yasowa ayi, koma masabata awiri kupita mtsogolo munthu osadya bwino, osagona, osaona kukoma kwa chilichonse, mpaka ena kuganiza zodzichotsera moyo.

Amene anayamba kusiyanitsa awiri oyambawo ndi dokotala wa ku Germany, Emil Kraepelin, cha m'ma 1899, ndipo dzina loti schizophrenia anabwera nalo ndi Eugen Bleuler wa ku Switzerland mu 1908. Kwathu kuno nthawi imeneyo odwala ankasungidwa m'chigawo cha ndende ya Zomba kuyambira 1910, chipatala chenichenicho chinadzatsegulidwa mu 1953, ndiye musadabwe kuti mpaka lero mawu oti "apita naye ku Zomba" amamveka ngati munthu wamangidwa osati wapita kukalandira thandizo.

Chofunika kuchigwira apa n'choti matendawa amakonda kuyamba munthu ali pa unyamata mpaka zaka za m'ma 20 ndi 30, msinkhu womwewo wokwatira ndi kubereka. Ndiye pa mzere uja wa odwala ku Room 6 ku Queens, komwe amaonerako odwala matenda a maganizo, ambiri ndi makolo, kunyumba asiya ana.

"Nzeru" zomwe akuyezazo ndi chani?

Apa ndi pomwe chisokonezo chimayambira. Kwa ife mwana wanzeru ndi waulemu, wotumika, wodziwa kulandira alendo, wosunga chinsinsi cha pakhomo. Zimenezo ochita kafukufuku sayeza. Iwo amayeza kagwiridwe ntchito ka ubongo, ndipo amakagawa tizigawo.

Taganizirani kondakitala wa minibasi ya Limbe. Wina wapereka 5,000, wina 2,000, wina akuti anditsitse pa Chichiri, dalaivala akumukalipira, koma iye akusunga m'mutu kuti chenji cha mayi avala chitenje chofiira aja ndi chakuti ndipo bambo a kumbuyo sanapereke. Kusunga zinthu m'mutu kwa kanthawi uku ukuzigwiritsa ntchito kumeneko ndi chigawo chimodzi, ndipo ndi chomwecho mwana amagwiritsa ntchito aphunzitsi akati sunga 1 uwonkhetse mzere winawo. Liwiro lomwe kondakitala uja amapezera yankho ndi chigawo china, mwana wina yankho amalidziwa koma limabwera mochedwa ngati netiweki ya madzulo, belu n'kulira asanamalize mayeso. Palinso chidwi, kutha kumvetsera aphunzitsi m'kalasi la ana 100 kunja magalimoto akudutsa. Palinso kukumbukira zomwe unaphunzira sabata yatha, kudziwa mawu ndi kuwagwiritsa ntchito. Ndiye pali chigawo china chomwe ine ndimachiyerekeza ndi mayi wophika pa mbaula imodzi, amene amadziwa kuti ndiyambe nyemba, madzi a nsima abwere pambuyo, makala akatha ndisinthe pulani, ndipo mwana akalira sataya mthiko. Kukonza dongosolo, kudzigwira, kusintha njira zikavuta.

Zonsezi akaziphatikiza ndi pomwe pamatuluka nambala ija amati IQ, yomwe pakatikati pake anaika pa 100. Mayeso oyamba a mtunduwu anawapanga Alfred Binet ndi Théodore Simon ku France mu 1905, ndipo cholinga chawo chinali kupeza ana ofunika thandizo lapadera kusukulu kuti athandizidwe. Ndimakonda kukumbutsa anthu zimenezi chifukwa pambuyo pake mayeso omwewa ena anayamba kuwagwiritsa ntchito posala anthu.

Nanga anapeza chani?

Maganizo otsatira ana a odwala kuyambira ali aang'ono anayamba kalekale. Dokotala wa ana wa ku New York, Barbara Fish, anayamba mu 1952 kuona makanda a amayi odwala schizophrenia, n'kupeza kuti ena kakulidwe kawo kanali kodumphadumpha, pena kuchedwa pena kufulumira. Mu 1962 ku Copenhagen, Sarnoff Mednick ndi Fini Schulsinger anayamba kutsatira ana 207 a amayi odwala matendawa, ndipo mu 1971 kunayambanso kafukufuku wina wamkulu ku New York yemwe anaonetsa kuti mwa ana a odwala, amene ankavutika ndi chidwi komanso kukumbukira mawu ali aang'ono ndi amene ambiri anadzadwala atakula. Chifukwa chomwe ankachitira zonsezi n'chomveka, ukamuyeza munthu wadwala kale sungadziwe ngati kuchedwa kwa mutu kwabwera ndi matenda, ndi mankhwala, kapena kunalipo kale.

Wa masiku ano womwe umatchulidwa kwambiri ndi wa ku Denmark wotchedwa VIA 7. Anatenga ana 522 a zaka 7: ana 202 kholo lawo linali ndi schizophrenia, 120 kholo lawo linali ndi bipolar, ndipo 200 makolo awo analibe matenda awiriwa. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2018 zinati gulu loyambalo, ukalitenga lonse pamodzi, linatsalirako pa liwiro la kuganiza, kusunga zinthu m'mutu, chidwi ndi kukonza dongosolo. Koma gulu la bipolar silinasiyane kwenikweni ndi ana ena onse. Mwaona kale kuti mawu oti "ana a amisala" akubisa zinthu zosiyana? Ku Sweden anapezanso chinthu chodabwitsa mu 2010 atafufuza anthu oposa 700,000: achinyamata amene ankakhoza mopambana kwambiri kusukulu ali ndi zaka 16 ndi amene anali pa chiopsezo chachikulu, pafupifupi kanayi, chodzadwala bipolar poyerekeza ndi okhoza mwapakatikati. Ndiye nkhani ya nzeru ndi matenda a maganizo si ya mzere umodzi.

Pa depression, makamaka ya mayi pa nthawi ya mimba ndi atangobereka, kafukufuku wambiri amaonetsa kuti ana ena amachedwako kulankhula ndi kuphunzira, ndipo vutoli limakula matenda akakhalitsa komanso pakhomo pakakhala umphawi.

Mawu oti avereji, omwe mnyamata uja sanawerenge

Apa ndiye ndikufuna tikhazikike, chifukwa ndi pomwe agogo aja anapwetekera. Zonse ndanenazi ndi avereji ya gulu, sizikunena za mwana mmodzi.

Tiyerekeze midzi iwiri yolima chimanga, uwu ndi fanizo chabe. Mudzi wina ukawerengera onse umapeza matumba 20 pa munda, winawo matumba 18. N'zoona mudzi wachiwiriwo watsalira. Koma ukalowa m'mudzimo upeza bambo wina wakolola 30, kuposa pafupifupi aliyense wa mudzi woyamba uja, ndipo mu mudzi woyambamo muli wina wakolola 9. Ukakumana ndi mlimi mmodzi pa msika wa Lunzu n'kukuuza mudzi wake, sungadziwe kuti m'nkhokwe mwake muli matumba angati. Kusiyana komwe anapeza ku Denmark kuja n'kotero, kochepa mpaka kwapakatikati, magulu awiriwo amalowana kwambiri moti ana ambiri a makolo odwala amakhoza bwinobwino monga anzawo, ena kuposa. Mukalowa m'kalasi simungawaloze.

Chimodzimodzinso funso lina lomwe limabwera limodzi ndi ili, loti kodi nayenso adzadwala? Mu 2014 akatswiri a ku Canada anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti pa ana 100 a makolo odwala matenda aakuluwa, pafupifupi 32 amadzadwala amodzi mwa matendawa akakula, zomwe ndi kuposa kawiri poyerekeza ndi ana ena. Sindibisa, nambala imeneyi ndi yaikulu ndipo ndi chifukwa chake anawa akufunika diso. Koma itembenuzeni muone, awiri mwa atatu aliwonse sadwala. Ndipo pa schizophrenia payokha, mwa anthu wamba amadwala pafupifupi mmodzi pa 100, pomwe mwa ana a kholo limodzi lodwala ndi pafupifupi mmodzi pa 10, kutanthauza kuti 9 aja ayi.

Ndi za m'magazi kapena ndi za pakhomo?

Funso ili akatswiri akhala akukangana nalo zaka zambiri ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi umboni.

Mbali ya magazi. M'thupi mwathu muli timalangizo tomwe timatengera kwa bambo ndi mayi, azungu amati ma gene, ena pa Chichewa amalemba kuti majini koma ine ndimapewa dala chifukwa agogo akamva majini aganiza ziwanda, pomwe apa tikunena chomwe chimapangitsa mwana kutenga mphuno ya bambo ake. Mu 1966 Leonard Heston ku Oregon, America, anafufuza anthu 47 omwe anabadwa kwa amayi odwala schizophrenia koma anachotsedwa kwa amayiwo atangobadwa n'kuleredwa kwina. Asanu anadzadwala schizophrenia. Mwa anthu 50 oleredwanso kwina koma amayi awo osadwala, panalibe ndi mmodzi yemwe. Ndiye za kumtundu zilipodi, sitingakane. Koma palibe gene imodzi ya misala yomwe kholo limapatsira mwana ngati kumupatsa chipewa. Mu 2022 akatswiri anapeza malo 287 osiyanasiyana m'timalangizo timeneti omwe amakhudzana ndi schizophrenia, aliwonse akuthandizira pang'ono chabe, ngati msonkhamsonkha wa pa maliro pomwe aliyense amaponya kochepa. Tonsefe tili nato tina mwa timeneti. Mwana amatenga theka kwa mayi theka kwa bambo mosakanizika, n'chifukwa chake ana a mimba imodzi wina amadwala wina ayi. Ndipo zikuoneka kuti tina mwa timalangizo tomweti timakhudzanso kakulidwe ka ubongo, n'chifukwa chake kuchedwa kuja kumatha kuoneka pa zaka 7 matenda asanabwere, kapena osadzabwera n'komwe.

Mbali ya pakhomo. Ku Finland, Pekka Tienari ndi anzake anatsatira kwa zaka zambiri ana a amayi odwala schizophrenia omwe analeredwa m'mabanja ena, ndipo mu 2004 anaonetsa kuti amene anakulira m'mabanja a mtendere, olankhulana bwino, anadwala ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene anakulira m'mabanja a mikangano ndi chisokonezo. Mbewu yomweyo, nthaka yosiyana, zokolola zosiyana.

Pakhomo pamagwira ntchito bwanji pa ubongo wa mwana? Khanda limaphunzira poyankhana ndi amene akulilera. Likati aguu mayi n'kuyankha aguu, likaloza nkhuku mayi n'kunena kuti nkhuku iyo, pamenepo ndi pomwe ubongo ukumangika. M'zaka za m'ma 1970 Edward Tronick anaonetsa zimenezi pouza amayi kuti angoumitsa nkhope kwa mphindi zochepa osayankha khanda lawo, khanda limayesa kumwetulira, kukuwa, kutambasula manja, kenako limalira n'kutembenukira kumbali. Mayi amene ali ndi depression nkhope yake imatha kukhala choncho kwa miyezi, osati chifukwa samukonda mwana, ndikubwereza, osati chifukwa samukonda, koma matenda amulanda mphamvu yoyankha. Ndipo si zachilendo ayi, ku Khayelitsha ku Cape Town kafukufuku wa 1999 anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu ongobereka kumene anali ndi depression. Kwathu konkuno ku Thyolo, Robert Stewart ndi anzake anaonetsa mu 2008 kuti makanda a amayi ovutika maganizo anali ofupikirako pa msinkhu wawo poyerekeza ndi a amayi ena obwera ku sikelo komweko.

Ndiye onjezerani zathu zakunozi zomwe mwana wa ku Denmark sakumana nazo. Bambo akadwala bizinesi imaima, ndalama imathera mayendedwe a ku chipatala ndi kwa asing'anga, pakhomo chakudya chimachepa. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira, ndipo kupinimbira sikugwira msinkhu wokha, kumagwiranso ubongo. Malungo aakulu okomola aja, omwe madokotala a ku Queens konkuno, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, anawapangira muyezo wotchuka dziko lonse wa Blantyre Coma Scale mu 1989, nawonso amasiya chipsera: ku Uganda anapeza kuti mwana mmodzi mwa anayi opulumuka anali akuvutikabe ndi kuganiza patatha zaka ziwiri. Tsono kholo likadwala, ndani akuonetsetsa kuti mwana wagona mu neti, ndani akuthamanga naye ku chipatala thupi likatentha usiku? Palinso mtsikana wa zaka 10 amene wasanduka gadiyani wa mayi ake, kuphika, kutunga madzi, kulera ang'ono ake, kujomba masabata atatu, n'kufika m'kalasi atagona maola ochepa chifukwa usiku kunali phokoso. Anzake akumuseka kuti mwana wa wamisala. Mwana wotere akalakwa mayeso, tinganene kuti ndi magazi? Mwina mbali ina, koma kulekanitsa kwake n'kovuta zedi, ndipo zinthu ziwirizi nthawi zambiri zimabwera limodzi m'nyumba imodzi.

Za mankhwala ndi mimba

Iyi ndiidutse mwachidule koma ndi yofunika. Pali mankhwala amodzi otchedwa sodium valproate omwe amaperekedwa pa bipolar komanso khunyu, amenewa umboni wake ndi womveka: mayi akamamwa ali ndi mimba, pa ana 100 obadwa pafupifupi 30 mpaka 40 amakhala ndi vuto la kakulidwe monga kuchedwa kulankhula ndi kuphunzira, ndipo pafupifupi 10 amabadwa ndi chilema. N'chifukwa chake mayiko ngati Britain anakhwimitsa malamulo ake mu 2018. Koma chonde chonde, izi sizikutanthauza kuti mayi ataye mankhwala yekha akazindikira kuti waima. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa matenda mwamphamvu, makamaka akangobereka, ndipo zimenezo n'zoopsa kwa mayi ndi mwana yemwe. Njira yake ndi kuuza adokotala kapena anesi msanga, makamaka mimba isanabwere, kuti aone ngati pakufunika kusintha mtundu wa mankhwala, chifukwa alipo ena omwe chiopsezo chake n'chochepa.

Chilipo chomwe chimathandiza?

Chilipo, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umakhalako m'malo. Choyamba ndi kuchiza kholo. Ku America, Myrna Weissman ndi anzake anaonetsa mu 2006 kuti amayi a depression akachira ndi mankhwala m'miyezi itatu, mavuto a maganizo ndi khalidwe mwa ana awo nawonso amachepa, anawo osapatsidwa mankhwala aliwonse. Kafukufuku ameneyu sankayeza nzeru za m'kalasi mwachindunji, koma akutionetsa kuti mapilitsi a mayi amagwiranso ntchito pa mwana.

Chachiwiri ndi kusewera ndi kucheza ndi mwana ali wamng'ono. Ku Kingston, Jamaica, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anayamba mu 1986 kutumiza alangizi a zaumoyo m'makomo mwa ana opinimbira kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, kukaphunzitsa amayi kusewera ndi ana ndi zidole zopanga okha. Patatha zaka 20 ana amenewo ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo opinimbira omwe sanalandire thandizo limeneli. Awa sanali ana a odwala maganizo, komabe phunziro lake likutikhudza: ubongo wa mwana wotsalira umatha kukoka. Ndipo woyankhana ndi mwana sakuyenera kukhala mayi yekha, agogo, azakhali, achemwali ake, alezi a ku sukulu ya mkombaphala, onsewa akhoza kugwira ntchito imeneyi pomwe mayi akuchira. Apa ife tili ndi chuma chomwe mayiko ena alibe, mwana wa mnzako ngwako yemwe, bola chibale chisathe chifukwa cha manyazi a matendawa.

Chachitatu ndi kumuuza mwana zoona mogwirizana ndi msinkhu wake. Ana ambiri amaganiza kuti mayi adwala chifukwa cha ine, kapena amamva kwa aneba kuti ndi ufiti wa agogo, n'kumasenza mantha amenewo mpaka m'kalasi. Ku Finland ndi America kuli mapologalamu othandiza banja kukambirana za matendawa momasuka, ndipo ku Norway kuyambira 2010 lamulo limakakamiza ogwira ntchito m'chipatala kufunsa wodwala ngati ali ndi ana n'kuona zosowa za anawo.

Zomwe sizinayankhidwebe

Pafupifupi kafukufuku yense ndatchulayu wa ana a odwala schizophrenia ndi bipolar ndi wa ku Ulaya ndi America, komwe mwana amadya katatu, kalasi ili ndi ana 20 ndipo boma limathandiza banja kholo likadwala. Kodi kuno kusiyana kuja kungakule chifukwa cha njala ndi malungo, kapena kungachepe chifukwa mwana amaleredwa ndi mudzi wonse? Onse awiri ndi otheka. Kuli kafukufuku wotchedwa Generation Malawi yemwe akutsatira mabanja ku Lilongwe ndi Karonga pa nkhani za maganizo a makolo ndi kakulidwe ka ana, mwina ameneyu adzatiunikirako, koma ntchito zotere zimatenga zaka.

Palinso vuto la muyezo. Ukamufunsa mwana wa ku Bangwe mafunso opangidwira mwana wa ku London, pa chithunzi pali zinthu zomwe sanazionepo, ukuyeza nzeru kapena ukuyeza komwe anakulira? Melissa Gladstone ndi anzake anapanga muyezo wathuwathu wotchedwa MDAT womwe unatuluka mu 2010, umaona kayendedwe, kagwiridwe ka zinthu, kalankhulidwe ndi kakhalidwe ndi anthu pogwiritsa ntchito zinthu zomwe mwana wakuno amazidziwa, koma ndi wa ana aang'ono mpaka zaka 6. Nanga wa Sitandade 3 ngati mdzukulu uja timuyeza ndi chani, ndipo amuyeze ndani?

Za abambo nazonso zatsalira, kafukufuku wambiri wakale ankangoona amayi, pomwe theka la timalangizo tija ndi la bambo ndipo bambo akadwala pakhomo pamagwedezeka mwa njira inanso. Sizinamvekenso bwino ngati kuchedwa kooneka pa zaka 7 kumatha mwana akamakula, kumakhala pomwepo kapena kumakula, ana a ku Denmark aja anawayezanso ali ndi zaka 11 ndipo akuwatsatirabe. Ndipo ngati mwana tamuthandiza kukoka m'kalasi, kodi tachepetsanso mwayi woti adzadwale, kapena ziwirizi zimayenda payokhapayokha?

Ndiye pali funso lomwe limandisowetsa tulo ine. Tiyerekeze kuti mawa chipatala chayamba kulemba mayina a ana a odwala onse kuti aziwayendera, monga ku Norway kuja. Mbali ina n'zabwino, mwana apezeke msanga, alandire phala, aphunzitsi amuike kutsogolo. Koma m'dera lomwe aneba akuti kale make mbuu mwana mbuu, mlangizi wa zaumoyo akamaima pa khomo limodzi lokhalokha mwezi ndi mwezi, kodi mwanayo tamuthandiza kapena tamuika chizindikiro pamphumi? Aphunzitsi akadziwa, amuleza mtima kapena angomutaya kuti ameneyu n'chibadwa? Akatswiri enieniwo sanagwirizane kuti mwana wosadwala auzidwe zochuluka bwanji za chiopsezo chake, ali ndi zaka zingati, ndipo womuuza akhale ndani, kholo lodwalalo, agogo, kapena adokotala.